Eliya ndi Galimoto Yopanda Phokoso

Eliya anabadwira ku Ngauma, m'mudzi wa alimi a fodya, koma khasu silinamukhale bwino m'manja. Abale ake ankamunena kuti ndi waulesi. Ankangodikira tsiku lochoka, ndipo tsikulo linafika pamene lole ya bambo Samuele, wamalonda wa ku Cuamba, inatitimira m'matope pafupi ndi mudziwo itasenza chimanga. Anyamata onse anathamangira kukakankha. Lole itatuluka anzake anabwerera kumunda, koma Eliya anakwera pamwamba pa matumba ndipo anakatsikira ku Cuamba.

Bambo Samuele anali ndi zigayo ku Cuamba ndi ku Mandimba, komanso ankagula nsomba zouma kwa asodzi a ku Nyanja ya Amaramba n'kumakazigulitsa kumtunda. Anali munthu wosachedwa kupsa mtima, wosachedwanso kuiwala. Anamulola Eliya kunyamula matumba, kenaka kutsuka galimoto, kenaka kuisuntha pabwalo, ndipo patapita zaka anamutumiza kusukulu yoyendetsa. Kuyambira pamenepo Eliya anakhala motorisita, woyendetsa galimoto wa pabanjapo. Anakwatira Madalena, mkazi wa ku Lúrio wolankhula mosazungulira, ndipo patarau, bwana wake uja, anawapatsa kanyumba ka malata kuseri kwa chigayo cha ku Cuamba. M'kanyumba kameneko ndi mmene ana awo anabadwira, kukula, mpaka kuchoka.

Galimoto imene Eliya anakalamba nayo inali ya gazolyo, mafuta a dizilo, yotalika kuchoka pansi, yoyera kalelo koma tsopano yofanana ndi fumbi la mumsewu. Anthu ankaitcha Gogoda chifukwa cha kulira kwake. Inkamveka isanaoneke, moti amayi a ku Amaramba ankayamba kumanga madengu a nsomba akangoimva patali. Gogoda sinkalola munthu wina. Kuti idzalire m'mawa inkafuna kugonekedwa pamtsetse, giya yachiwiri inkatuluka yokha ukapanda kuitchinga ndi bondo, ndipo ikatentha inkafuna uime uidikire mpaka itafuna yokha. Ena anayesapo kuiyendetsa, anabwerako wapansi. Galimoto imeneyi inamuwononga Eliya msana, inamugonthetsa khutu limodzi, koma inkamudyetsa. Iye ankadziwa zimenezo ngakhale sankazinena.

Bambo Samuele atamwalira, makiyi onse anatsala m'manja mwa akazi awo, mayi Cecília. Mwana wawo wamwamuna, Fábio, anabwera kuchokera ku Maputo kudzayendetsa malonda. Fábio ameneyu Eliya anamunyamulapo paphewa ali wamng'ono, anamuperekeza kusukulu zaka zambirimbiri, ndipo mpaka atamera ndevu ankamuitanabe kuti tiyu, ngati mbale wa bambo ake. Sanali mnyamata woipa. Ankalawirira kuntchito, ankalonjera antchito, anakonzetsa denga la chigayo limene bambo ake analisiya likudontha. Koma Gogoda ankachita nayo manyazi. Akamapita kubanki ankatsikira patali n'kumaliza ulendo wapansi.

Tsiku lina Eliya akupukuta magalasi pabwalo anamva mayi ndi mwana akukangana pakhonde.

"Mayi, galimoto ndikunenayi sidya gazolyo," anatero Fábio. "Imangolumikizidwa ku magetsi ngati foni. Ili ndi mizere itatu ya mipando. Tonse titha kukwanamo popita kutchalitchi, ndipo mipando yakumbuyo ukaipinda katundu amalowa."

"Galimoto ya magetsi kuno? Magetsi omwe amathima mvula ikangowaza awa?"

"Nanga chigayo chimayenda ndi chiyani, mayi? Si magetsi omwewo?"

Mayi Cecília anati, "Bambo ako sanagulepo ngakhale tayala osafunsa Eliya. Ibwere galimotoyo, aiyendetse Eliya konse kumene amapita ndi Gogoda. Akati ndi yabwino, ndivomera. Akati ayi, usadzandiuzenso nkhaniyi."

Eliya anapitiriza kupukuta galasi limene linali litayera kale. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe. Ataweruka anakamuuza Madalena, akuganiza kuti naye akondwa ndi ulemu umene mwamuna wake wapatsidwa. Madalena ankasankha nyemba m'lichero, ndipo sanadzutse mutu.

"Galimoto imeneyo ili ndi magiya?" anafunsa.

"Akuti ilibe. Umangoponda basi."

"Ndiye kuti Fábio angathe kuiyendetsa yekha."

"Angathe."

"Nanga inu adzakusungirani chiyani?"

Eliya anaseka, koma kusekako sikunafike patali. "Fábio ndi mwana wanga uja."

"Mwana wanu ali ku Nampula, dzina lake ndi Lurdinha. Uyu ndi mwana wa patarau. Mverani, bambo a Lurdinha, sindikuti mukaname. Galimoto iliyonse ili ndi vuto lake. Kalipezeni vutolo, mudzalinene mokweza. Zabwinozo mudzazimeze."

Galimotoyo inafika kuchokera ku Nampula itakwezedwa pa lole, pamodzi ndi munthu wa kampani yogulitsa, dzina lake Yassine. Inali yobiriwira modera, yaitali, yotakata, matayala ake onenepa. Yassine anaonetsa Eliya chingwe cholumikizira ku magetsi, kagalasi kosonyeza mphamvu yotsala mu bateriya, ndi mabatani osankhira msewu, kaya ndi phula, mchenga, matope kapena miyala. Anati aiyese mmene angafunire, iye adzabwera kudzamva yankho.

Ulendo woyamba unali wa ku Mandimba, Eliya ndi Fábio. Eliya atakhala pampando anadina batani monga anamuuzira. Sipanamveke kanthu.

"Yakana?" anafunsa.

"Yayaka kale, tiyu. Tiyeni."

Phazi lake lamanzere linkangoponda pansi popanda kanthu, dzanja linkapita kukafuna giya n'kukagwira mpweya. Atatuluka m'tauni n'kulowa phula lowongoka, Fábio anati aponde kwambiri aone. Eliya anaponda. Galimoto inamukankhira kumpando ngati munthu wamugwira pachifuwa, ndipo malole amene Gogoda ikanawatsatira mpaka ku Mandimba ikumwa utsi wawo, iyi inangowadutsa ngati aima. Fábio anakuwa ndi chimwemwe. Eliya anangoti galimoto yothamanga chonchi imapusitsa munthu.

Vuto loyamba analipeza msanga. Bambo wina wopalasa njinga ya makala sanamve kuti kumbuyo kukubwera chinthu, ndipo anakhotera pakati pa msewu mwadzidzidzi. Eliya anaponda mabuleki, galimoto inaima pomwepo, bamboyo anagwera m'mbali ndi matumba ake, koma sanavulale. Anamuthandiza kudzutsa njinga. Akubwerera kukakwera, Eliya anati mumtima mwake, iyi idzapha munthu. Anadabwa kuona kuti mawu amenewo amukomera.

Lachiwiri analipeza ku Mandimba. Atangolumikiza chingwe pachigayo, magetsi anathima. Anakhala masana onse pamthunzi, anyamata a njinga zakabaza atazungulira galimoto, ena akuigwiragwira, ena akufunsa kuti utsi umatulukira pati. Fábio ankangoyang'ana foni ndi kuyendayenda. Eliya anagula chinangwa chootcha n'kumadya mosafulumira. Magetsi atabwera, bateriya inkadzaza pang'onopang'ono ngati mtsuko wa pachitsime chophwa, moti anagona komweko n'kubwerera m'mawa mwake.

"Ndapeza awiri kale," anamuuza Madalena atafika.

"Onjezani," anatero Madalena.

Inali nyengo ya mvula, ndipo ulendo wachiwiri unali wokatenga nsomba ku Amaramba. Anapita yekha. Kunali njira ziwiri, ina yozungulira koma youma, ina yachidule yodutsa m'dambo, imene ngakhale ndi Gogoda sankaiyerekeza mvula ikagwa. Atafika pamphambano anaima, anayang'ana uku ndi uku, ndipo anakhotera ya m'dambo. Ankadziwa chimene ankachita. Anadina batani la matope kuti pasadzakhale wonena kuti sanatsate malangizo, kenaka analowa.

Galimotoyo inali yolemera, ndipo anaimva ikutitimira. Madzi akuda anafika pakati pa matayala, matope anawaza magalasi. Pakatikati pa dambo inaima. Eliya anasiya kuponda. Anayamba kale kukonza mawu okanena pakhonde, kuti mayi, ndinayesetsa, koma chinthuchi si cha kuno. Anapondanso pang'ono, kungoti atsimikize. Tayala lina linazungulira pachabe, lina linagwira, lakumbuyo linagwiranso, ndipo galimoto inayamba kukwawa mosalira, mosatsokomola, mpaka inatulukira kutsidya. Pokwera mtunda mwala unakanda kunsi kwake mokweza. Eliya anatsika msangamsanga, anagona pansi n'kusuzumira. Kunsiko kunali chitsulo chachikulu chotchinga bateriya. Chinangokalika basi.

Anadzuka, malaya ali matope okhaokha, ndipo anaimenya tayala ndi phazi. Anamva kuwawa ndi iyeyo.

Kunyanja anapeza palibe amene wakonzeka. Issa, msodzi amene ankasonkhanitsa nsomba za anzake, anatuluka m'khumbi akupukuta m'maso.

"Bambo Eliya, mwafika ngati mfiti bwanji? Gogoda yamwalira?"

"Ilipo. Iyi ndi yongoyesa."

"Mukaigula muzitiimbira foni muli m'njira. Apo ayi nsomba muzimanga nokha."

Anapinda mipando yakumbuyo n'kulowetsa madengu. Analowa ambiri ndithu, koma osafika a Gogoda imene inkasenzanso padenga, ndipo fungo la nsomba linakakamira pamipando. Limenelo linali vuto lachitatu. Analisunga.

Pobwerera anadzera njira youma. Mvula inali itakata, dzuwa litatuluka. Anatsitsa galasi kuti fungo lituluke, ndipo ndi khutu lake labwino lija anamva achule m'madambo, anamva amayi akuitanizana m'minda ya mpunga, anamva ngakhale matayala akuphwanya timiyala. Msewu umenewu anauyenda kuyambira ali ndi tsitsi lakuda, koma sankadziwa kuti uli ndi mawu. Msana sunkamubaya. Atayenda kamtunda anazindikira kuti akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo akudzimva. Anasiya pomwepo ngati wina wamugwira akuba. Anafika ku Cuamba bateriya itatsala pang'ono kutha, ndipo anayesa kukondwera nazo zimenezo, koma sizinatheke bwinobwino.

Anapita nayonso ku Etatara, msewu wa mabampu umene unkamasula zitseko za Gogoda. Galimoto inangodutsa mofewa ngati ikuyenda pamphasa.

Ulendo womaliza anaulamula ndi mayi Cecília. Anati akufuna kudziwa ngati ingakwere mapiri itadzaza anthu, choncho Eliya atenge mkazi wake akaone kwawo ku Ngauma. Anagona ku Mandimba kuti adzaze bateriya, m'mawa mwake n'kupitirira. Linali Lamulungu. Atalowa m'mudzi anthu anatuluka m'nyumba, ndipo mng'ono wake Chifundo, amene ankatsogolera kumunena ulesi ali anyamata, anavula chipewa asanazindikire kuti woyendetsayo ndi ndani.

"Achimwene! Ndinu? Koma ndiye mwafikapotu!"

"Si yanga. Ndi ya patarau."

"Koma chiwongolero chili m'manja mwanu."

Tchalitchi cha kumeneko chili pamwamba pa chitunda, njira yake ya miyala yokhayokha. Eliya anadzaza mipando yonse. Akuluakulu amene anakhala mzere wachitatu mawondo anawafika pachibwano, ndipo mkazi wa Chifundo potsika anachita kukokedwa, anthu akuseka. Mzere umenewo unali wa ana, osati wa anthu aakulu. Koma chitundacho galimoto inachikwera itadzaza chomwecho osadandaula, ndipo potsika Eliya anaona pakagalasi kaja kuti mphamvu ikuwonjezeka m'malo mochepa. Anaonetsa Chifundo. Chifundo anagwira pakamwa. Tsiku limenelo anamuphera nkhuku, ndipo anthu amene sanamuchezerepo chichokereni anabwera kudzamugwira chanza.

Pobwerera Madalena anagona tulo pampando. M'zaka zonse za Gogoda sanagonepo m'galimoto, ankafika kulikonse atagwira chitseko ndi manja awiri. Anadzuka akuyandikira Cuamba, anakonza mpango wake, anayang'ana kutsogolo.

"Ndi yabwino," anatero. "Ndaiona ndekha. Koma musakanene."

Tsiku lopereka yankho anakhala pakhonde, mayi Cecília pampando wawo, Fábio ataima potsamira chipilala, Yassine akudikira panja pa geti. Eliya anapatsidwa mpando, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anayamba monga anakonzera. Ananena za bambo wa makala. Ananena za magetsi a ku Mandimba ndi kuchedwa kwa bateriya, kuti ulendo wobwerera tsiku lomwelo umasanduka wogonera. Ananena za fungo la nsomba, za mzere wachitatu wopanikiza, ndiponso kuti ikadzawonongeka palibe makaniko wa ku Cuamba amene angaitsegule, idzachita kunyamulidwa mpaka ku Nampula. Zonsezi zinali zoona. Mayi Cecília ankagwedeza mutu. Nkhope ya Fábio inagwa.

Akanalekera pomwepo nkhani ikanatha. Koma mayi Cecília anawerama pang'ono n'kumuyang'ana m'maso.

"Ndamva, bambo Eliya. Koma ndikufunseni chimodzi. Mtengo wake ndi woopsa, mukudziwa. Akanakhala kuti akhala apa ndi malemu, n'kukufunsani kuti Eliya, ndigule kapena ndisagule, mukanawayankha chiyani?"

Eliya anayang'ana pansi. Anaona nsapato zake, anaona nyerere ikukoka kachidutswa ka chimanga. Mayi ameneyu anamupatsa chakudya tsiku limene anatsika pa lole alibe ngakhale bulangete. Eliya anali asanamunamizepo.

"Ndikanawauza kuti agule," anatero.

"Ndi mavuto onsewa?"

"Ndi mavuto onsewa. Konse kumene Gogoda imafika, iyi yafika, ndi kumene Gogoda imaopa yadutsa. Munthu akamakonza ulendo wake poganizira magetsi, savutika. Gogoda yatha, mayi. Gazolyo imamwa ngati chidakwa, zitsulo zake zikusowa, ndipo ikuyendabe chifukwa ndimainyengerera ine. Mtengowo ndi waukulu, koma si wakuba."

Fábio anadumpha n'kumukumbatira. "Tiyu! Ndinadziwa ine!" Anathamangira kugeti kukaitana Yassine. Mayi Cecília anati zikomo, ndipo analowa m'nyumba.

Madalena atamva sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Anakukakamizani?"

"Ayi. Anangondifunsa."

"Chabwino," anatero, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Masabata oyambirira zinthu zinkaoneka ngati Madalena analakwitsa. Eliya ankayendetsa galimoto yatsopano, atavala malaya ositidwa, ndipo anthu m'tauni ankamuimika kuti amufunse za iyo. Kenaka tsiku lina Fábio anati, "Lero khalani mupume, tiyu, ndingofika pabanki pompa." Mawa lake anati akufuna azolowere msewu wa ku Mandimba. Pambuyo pake sankanenanso kanthu, ankangotenga galimoto n'kumapita. Nsomba za ku Amaramba anapangana ndi mwini lole wina kuti azibweretsa, poti sankafuna fungo pamipando. Gogoda anaigulitsa kwa munthu wina wa zitsulo, amene anayesa kuiliza n'kulephera, ndipo anaiphwasulira pabwalo pomwepo Eliya akuona. Ntchito imene inatsala inali yotsuka galimoto m'mawa, kulumikiza chingwe madzulo, ndi kuperekeza mayi Cecília kutchalitchi Fábio akachokapo. Nthawi yotsalayo ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti, akumvera chigayo.

Itatha nyengo yokolola, Fábio anamuitanira mu ofesi. Anatseka chitseko. Sanamuyang'ane.

"Senyoro Eliya," anayamba motero, ndipo Eliya anadziwiratu zonse, chifukwa mnyamatayo anali asanamuitanepo ndi ulemu wa kwa mlendo choncho. Fábio analankhula nthawi yaitali. Anati malonda asintha, anati galimoto yadya zambiri ndiye akuyenera kuchepetsa kwina, anati Eliya wagwira ntchito mokhulupirika ndipo nthawi yakwana yoti apumitse msana. Zonse zimene lamulo limanena adzalandira. Kanyumba kaja akufuna kusungiramo chimanga, koma asafulumire, atha kukhalamo mpaka mwezi utatha.

"Mayi akudziwa?" anafunsa Eliya.

"Takambirana."

Anapitabe kukawaona. Anawapeza kuseri akudyetsa nkhunda. Atamuona anayamba kulira iye asanalankhule.

"Zonse ndinasiyira Fábio, bambo Eliya. Ine ndakalamba. Ndikalowerera ati ndikumulanda ulemu pamaso pa antchito."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete la malemu, lolemera, lonunkha mankhwala a njenjete. Eliya analilandira ndi manja awiri, anathokoza, poti ndi mmene analeredwera. Atafika kunyumba analiponya pakona. Madalena analitola, analipinda, analiika m'thumba pamodzi ndi zovala zina. Anali atayamba kale kumanga katundu. Eliya anadikira kuti mkazi wake anene kuti ndinakuuzani. Anadikira tsiku limenelo, anadikira mawa lake. Madalena sananene, ndipo kusanenako kunamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Fábio anati awaperekeza pa galimoto kulikonse kumene akupita. Eliya anakana. Ku Ngauma sakanabwerera, kumene anthu anali atangomuona kumene akuwakweza chitunda. Anayesa kufunsa ntchito kwa eni mashapa, timabasi tonyamula anthu pakati pa Cuamba ndi Mandimba, koma iwo ankangoyang'ana imvi zake n'kunena kuti akufuna anyamata othamangitsana ndi anzawo pamsewu. Mapeto ake anakweza katundu pa lole ya nandolo n'kupita ku Lúrio, kwawo kwa Madalena. Mlamu wake Milagre anawadulira kachigawo ka munda ndi malo omangapo. Eliya, munthu wa zidzukulu, anakhala mkamwini pamudzi wa eni, wofunsa chilolezo ngakhale podula mtengo. Chimakhuwa cha kumeneko ankachimva mwa apo ndi apo, ndipo pamilandu ya pabanja ankamupatsa mpando koma osamufunsa maganizo.

Chaka chotsatira, mvula ili pakati, Madalena anagwa m'munda. Mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zinafooka, pakamwa panapotoka. Kuchipatala chaching'ono cha pafupi anati apite naye ku Cuamba msanga. Pamudzi panalibe galimoto. Madalena, mawu akutuluka movutikira, anati, "Muimbireni Fábio."

Eliya anagwira foni nthawi yaitali asanadine. Fábio anayankha mwansangala, anamutchanso tiyu, ndipo atamva nkhaniyo anadandaula kwambiri.

"Pepani, tiyu, pepani zedi. Ndili ku Nampula ndi galimoto, ndibwera mkuja. Yesani kupeza njira ina. Mukafika kuchipatala mundiuze."

Mwina ankanena zoona. Eliya sanafufuze. Anabwereka njinga ya Milagre, anamukhazika Madalena pakaliyala atamumanga ndi chitenje kuti asagwe, ndipo iye ndi mlamu wakeyo anaikankha m'matope mpaka kumsewu waukulu, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kumeneko anadikira mpaka inabwera shapa yodzaza kale. Anthu anafinyana kuti wodwala akhale. Eliya anaima chowerama pakhomo, atagwira mutu wa mkazi wake kuti usagunde chitsulo.

Madalena anachira, koma mwendo umakoka mpaka lero, ndipo kumunda sapitanso. Eliya ndiye amalima, amatunga madzi, amaphika akalephera mkaziyo. Fábio anatumiza thumba la ufa atamva kuti atuluka m'chipatala. Analandira, anadya, poti njala inalipo.

Mbiri yoti mkamwini wa kwa Milagre anayendetsapo galimoto ya magetsi inafala, ndipo pamsika wa Loweruka pamapezeka wina womufunsa. Tsiku lina anali mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi, amene anaiona galimotoyo ku Cuamba ndipo sankakhulupirira kuti ingayende kunja kwa phula.

"Tandiuzani zoona, bambo. Zinthu zimenezi si zachabechabe? M'matope athu ano ingadutse?"

Eliya anali atakhala pambali pa mulu wa chinangwa chimene anabwera kudzagulitsa. Anamuyang'ana mphunzitsiyo.

"Imadutsa," anatero. "Ndi galimoto yabwino. Sindinayendetsepo ina yoposa imeneyo."

Anatembenuka, analavulira pansi, ndipo anafunsa mphunzitsiyo ngati akugula chinangwa kapena wangobwera kudzacheza.